Mbiri ya anthu akuda m'sukulu za ku Britain: kodi mwezi wa Okutobala ndi wokwanira?

Nabanda, Leicester

Ndikupereka moni kwa nonse, makamaka makolo ndi aphunzitsi amene muli ndi ana m'sukulu za kuno ku England. Ndili ndi nkhani imene ndikufuna kukaitula pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, koma ndisanatero ndikupempha maganizo a inu amene mukuidziwa bwino.

Chaka chilichonse mwezi wa Okutobala ukafika, sukulu zambiri za kuno zimakumbukira mbiri ya anthu akuda. Kumene amaphunzira ana anga, aphunzitsi amamata pakhoma zithunzi za Martin Luther King, Rosa Parks (mayi wakuda amene anakana kusiyira mzungu mpando m'basi) ndi Nelson Mandela, ana amajambula mbendera za mayiko a ku Africa ndi ku Caribbean, ndipo tsiku lina makolo timapemphedwa kubweretsa zakudya za kwathu. Sindikunyoza zimenezi, pakuti ndikudziwa kuti aphunzitsiwo amazichita ndi mtima wabwino. Chimene chikundisautsa n'chakuti Novembala akangolowa zithunzi zija zimachotsedwa, ndipo m'miyezi yonse yotsalayo ana amabwerera ku mafumu a banja la Tudor, ku nthawi ya Mfumukazi Victoria ndi ku nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse, m'mene munthu wakuda satchulidwa n'komwe. Kuonjezera apo, anthu atatu otchuka aja si a kuno, chifukwa awiri ndi a ku America ndipo mmodzi ndi wa ku South Africa, motero mwana amakula ndi maganizo akuti tsankho linkachitikira kutali ndipo Britain sinakhudzidwe nalo.

Funso langa ndi ili: kodi ife makolo tipemphe kuti mwezi wapaderawu uthe ndipo nkhani zake zilowe m'maphunziro a chaka chonse, kapena tiusunge momwe ulili? Ndikufunanso kudziwa zimene silabasi ya boma imalamula kwenikweni, kuti ndisakalankhule zopanda maziko pamaso pa mphunzitsi wamkulu.

Mphunzitsi Mbewe, Manchester

Mayi Nabanda, ine ndimaphunzitsa phunziro la mbiri kusekondale, choncho ndiyamba ndi funso lanu lachiwiri. Silabasi imene England ikugwiritsa ntchito kuyambira m'chaka cha 2014 siletsa mbiri ya anthu akuda, koma siikakamizanso. Kwa ana a zaka 5 mpaka 7, Rosa Parks ndi Mary Seacole, namwino wa ku Jamaica, amatchulidwa ngati zitsanzo za anthu amene mphunzitsi angathe kusankha. Kwa ana a zaka 7 mpaka 11, sukulu iyenera kusankha chitukuko chimodzi cha kunja kwa Ulaya pakati pa zitatu, zomwe ndi ufumu wa Benin ku West Africa kuyambira cha m'ma 900 mpaka 1300, chitukuko cha Chisilamu cha ku Baghdad, ndi cha anthu a mtundu wa Maya. Kwa ana a zaka 11 mpaka 14, malonda a akapolo odutsa nyanja ya Atlantic alembedwamo ngati chitsanzo chabe, pamene nkhani yokhayo imene yatchulidwa mwachindunji kuti mwana aliyense aiphunzire ndi ya kuphedwa kwa Ayuda m'nthawi ya Hitler. Mwana akakwanitsa zaka 14 ali ndi ufulu wosiyiratu phunziro la mbiri. Kotero zonse zimadalira amene akutsogolera phunziroli pasukulupo, ndipo ndi iyeyo amene muyenera kukaonana naye, popeza mphunzitsi wamkulu kawirikawiri sadziwa tsatanetsatane wa zimene zimaphunzitsidwa sabata ndi sabata.

Pa funso loyamba, maganizo anga ndi akuti malo enieni a mbiri ya anthu akuda ali mkati mwa mitu yomweyo imene mwaitchula, chifukwa anthuwo analimo kale, kungoti olemba mabuku anawalumpha. Pophunzitsa za mafumu a Tudor, ine ndimaonetsa ana chithunzi chojambulidwa pa chikopa chachitali cha mpikisano wa ku Westminster wa m'chaka cha 1511. Pa mzere wa oimba malipenga okwera pa akavalo pali mmodzi wa nkhope yakuda, atavala nduwira kumutu, ndipo dzina lake limadziwika kuti anali John Blanke. Munthu ameneyu ankalandira malipiro kunyumba ya mfumu, ndipo kalata imene anapempha nayo Henry VIII kuti amukwezere malipirowo ilipo mpaka lero. Ana akaona zimenezi safunikanso kuuzidwa kuti anthu akuda sanayambe kufika kuno ndi sitima ya Empire Windrush, imene inabweretsa anthu ochokera ku Caribbean mu Juni 1948.

Chitsanzo chimene ndimachiona cholemera kuposa zonse ndi cha kutha kwa ukapolo. Ana ambiri amamva za phungu William Wilberforce ndi lamulo la 1807 loletsa malonda a akapolo, n'kuthera pomwepo, ngati kuti ufulu unali mphatso yochokera ku nyumba ya malamulo. Samva za Olaudah Equiano, amene anadziwombola yekha mu ukapolo n'kusindikiza mbiri ya moyo wake m'chaka cha 1789, kapena za Sam Sharpe amene anatsogolera kuukira kwa akapolo ku Jamaica kumapeto kwa 1831, kumene kunafulumizitsa lamulo la 1833 lothetsa ukapolo weniweniwo. Koposa zonse samva kuti pa lamulo limenelo boma linapereka chipukuta misozi cha mapaundi 20 miliyoni kwa eni akapolo, pamene akapolowo sanalandire kanthu ndipo anakakamizidwa kugwirabe ntchito kwa ambuye awo akale mpaka 1838. Ofufuza a ku University College London anaika pa intaneti mayina a onse amene analandira ndalamazo pamodzi ndi kumene ankakhala, moti mwana angathe kulemba dzina la tauni yake n'kupeza kuti m'busa wina kapena mayi wina wamasiye wa m'dera lomwelo anali ndi akapolo ku Barbados kapena ku Jamaica. Kuno ku Manchester nkhaniyi imalumikizana yokha ndi mafakitale a nsalu, chifukwa thonje lambiri limene linkaombedwa ku Lancashire linkalimidwa ndi akapolo a kummwera kwa America. Mphunzitsi amene akufotokoza za kukula kwa mafakitale osatchula kumene thonjelo linkachokera, waphunzitsa mbiri ya England yoperewera.

Ponena za Rosa Parks, pemphani kuti pambali pake aikepo nkhani ya ku Bristol. M'chaka cha 1963 kampani ya mabasi ya mumzindawo inkakana kulemba anthu akuda ndi amwenye ntchito yoyendetsa mabasi kapena ya ukondakitala, ndipo mnyamata wina wa ku Jamaica, Guy Bailey, atabwezedwa asanafunsidwe n'komwe mafunso, Paul Stephenson, Roy Hackett ndi anzawo anamema anthu kuti anyanyale mabasiwo. Patatha miyezi inayi kampaniyo inagonja pa 28 Ogasiti 1963, tsiku lomwelo limene Martin Luther King analankhula ku Washington, ndipo patapita zaka ziwiri dziko lino linakhazikitsa lamulo lake loyamba loletsa kusankhana mitundu.

Nachisale, South Bend, Indiana

Aphunzitsi a Mbewe afotokoza bwino, ndipo ndikugwirizana nawo pa zambiri, koma ndikukupemphani, Mayi Nabanda, kuti musapemphe zoti mweziwo uthetsedwe. Tiyenera kukumbukira kumene unachokera. Anauyambitsa ndi Carter G. Woodson, mwana wa makolo amene anali akapolo, yemwe anagwirapo ntchito m'migodi ya malasha ku West Virginia asanakapeze digiri ya udokotala wa mbiri ku Harvard m'chaka cha 1912. Mu Febuluwale 1926 anakhazikitsa sabata imodzi yokha, ndipo anaisankha kuti igwirizane ndi masiku obadwa a pulezidenti Abraham Lincoln ndi Frederick Douglass, wolimbana ndi ukapolo, amene anthu akuda ankawakumbukira kale. Sabatayo inakula n'kukhala mwezi, umene pulezidenti Gerald Ford anauvomereza m'chaka cha 1976, ndipo kwanuko unayambika mu Okutobala 1987 kudzera mwa Akyaaba Addai-Sebo wochokera ku Ghana. Cholinga cha Woodson chinali chomwecho chimene aphunzitsi a Mbewe akunena, choti mbiriyi iziphunzitsidwa chaka chonse, ndipo sabatayo ikhale nthawi yoonetsa zimene ana aphunzira. Vuto la sukulu ya ana anu n'lakuti yatenga chionetsero n'kusiya maphunzirowo.

Chifukwa chimene ndikuumirira n'chakuti kuno taona kuti zimene zalowa mu silabasi zingathe kuchotsedwanso ndale zikasintha. Boma la Florida lili ndi lamulo la m'chaka cha 1994 lolamula kuti mbiri ya anthu akuda a ku America iziphunzitsidwa, komabe mu Januwale 2023 boma lomwelo, pansi pa bwanamkubwa Ron DeSantis, linakana kuti phunziro latsopano la sekondale lokhudza mbiri ndi chikhalidwe cha anthu akuda liphunzitsidwe m'sukulu zake momwe linalili pa nthawiyo. M'madera ena mwakhazikitsidwa malamulo ochepetsa zimene mphunzitsi anganene zokhudza tsankho, ndipo aphunzitsi ambiri amaona kuti n'kwabwino kungoilambalala nkhaniyo kusiyana ndi kuika ntchito yawo pachiswe. Kuiwalika kwa mbiri sikovuta monga tingaganizire: mu 1921 gulu la azungu linatentha dera la Greenwood mumzinda wa Tulsa, kumene anthu akuda anali ndi masitolo, mahotela ndi matchalitchi awo, koma kwa zaka zambirimbiri ana a ku Oklahoma komweko ankamaliza sukulu osamvapo za nkhaniyi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mwezi wa Okutobala muli nawo kale, pamene malonjezo a kusintha silabasi angathe kutha pamene mphunzitsi amene walonjezayo wasamuka.

Gondwe, Zomba

Ine ndidapuma ntchito ya uphunzitsi ndipo sindili kunjako, koma adzukulu anga ali m'sukulu zimenezo, motero ndiloleni ndiikepo mawu awiri, limodzi lothandiza ndi lina lochenjeza.

Lothandiza ndi lakuti inu makolo ochokera kuno muli ndi nkhani zimene zili mbiri ya Britain yomweyo, popeza Nyasaland idalamulidwa kuchokera ku London kuyambira 1891 mpaka 1964. Mayi Nabanda mwadandaula kuti pa nkhondo zikuluzikulu munthu wakuda satchulidwa. Mukawauze aphunzitsiwo kuti mu Seputembala 1914 asilikali a King's African Rifles adamenyana ndi a Germany ku Karonga, kuti amuna masauzande ambirimbiri adagwidwa m'midzi kukakhala a tengatenga, osenza katundu wa nkhondo pamutu kudutsa m'nkhalango za ku East Africa, ndipo ochuluka adafa ndi njala ndi matenda, komanso kuti pa nkhondo yachiwiri anyamata a kuno adakafika mpaka ku Burma. Nsanja ya chikumbutso chawo ili kuno ku Zomba. Mu Novembala 1914 John Chilembwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kufunsa chifukwa chimene Aafirika osauka akufera pa nkhondo imene si yawo, ndipo boma la atsamunda lidaletsa kuti kalatayo ifalitsidwe. Kalata imeneyo ndi yoyenera kuwerengedwa m'kalasi ya ku Leicester pamene ana akuphunzira za nkhondo yoyamba. Chilembwe yemweyo amamangiriza mbiri yathu ndi ya anthu akuda a ku America, pakuti adapita kumeneko ndi Joseph Booth m'chaka cha 1897, adaphunzira ku Lynchburg m'boma la Virginia, ndipo atabwerera m'chaka cha 1900 n'kukhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe ku Chiradzulu, adathandizidwa ndi amishoni akuda, Landon Cheek ndi Emma DeLany. Kuyambira Seputembala 2022 mpaka 2024 chiboliboli chake, chopangidwa ndi Samson Kambalu, chidaima pa Trafalgar Square pakati pa London, Chilembwe ali chivalire chipewa pambali pa mmishonale wachizungu John Chorley, pamene nthawi imeneyo Mwafirika sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Ana angati a ku England amene adadutsa pamenepo akudziwa chifukwa cha chipewacho? Palinso nkhani ya pa 3 Malichi 1959, ndi lipoti la woweruza Patrick Devlin limene lidanena poyera kuti Nyasaland idasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, ndipo lidakambidwa m'nyumba ya malamulo ya kwanuko.

Lochenjeza ndi ili. Ndikuopa kuti pofuna kukonza cholakwika, tingasandutse phunziro la mbiri kukhala ndakatulo yotamanda anthu athu, imene mwana wochenjera aizindikira msanga n'kusiya kuikhulupirira. Ngati tikufuna kuti azungu anene zoona za Liverpool ndi Bristol, madoko amene adalemera ndi malonda a akapolo, ifenso tinene zoona za Nkhotakota, kumene Jumbe ankasonkhanitsa akapolo n'kuwaolotsa nyanja pa ulendo wa ku Kilwa, za Mlozi amene adasautsa Ankhonde ku Karonga mpaka adanyongedwa m'chaka cha 1895, ndi za mafumu athu amene ankagulitsa anthu a mitundu yoyandikana nawo posinthanitsa ndi nsalu ndi mfuti. Kunena zimenezi sikuchepetsa mlandu wa amalonda a ku Ulaya. Ndikuopanso maphunziro amene amayamba mbiri ya munthu wakuda pa unyolo. Mwana ayambe wamva za Mali, za Benin, za ufumu wa Maravi ndi za Great Zimbabwe, ndipo auzidwenso momwe boma la Rhodesia lidayesera kubisa umboni woti makoma a miyala aja adamangidwa ndi Aafirika, ngakhale kuti David Randall-MacIver m'chaka cha 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson m'chaka cha 1929 adali atatsimikiza kale zimenezo pofukula pansi. Nkhani imeneyo imaphunzitsa mwana kufunsa kuti walemba buku ndani ndipo umboni wake ndi wotani, limene ndilo luso lenileni la phunziro la mbiri.

Nabanda, Leicester

Zikomo kwambiri, aphunzitsi a Mbewe, Mayi Nachisale ndi Bambo Gondwe. Ndavomereza kuti mwezi uja usathe. Komabe zikundivuta kulandira kuti zonsezi zidalire kufuna kwa mphunzitsi mmodzi, chifukwa mwana wa pasukulu ina aphunzira za Bristol pamene mnzake wa pasukulu yoyandikana nayo sazimva. Lipoti la Macpherson la m'chaka cha 1999, lotsatira kuphedwa kwa mnyamata wakuda Stephen Lawrence, linalangiza kale kuti silabasi isinthidwe pofuna kuthana ndi tsankho, ndipo lipoti la Wendy Williams la m'chaka cha 2020 linapeza kuti kusadziwa mbiri ya utsamunda pakati pa ogwira ntchito m'boma kunathandizira nkhanza zimene anthu a m'badwo wa Windrush, amene anabwera kuno kalekale kuchokera ku Caribbean, anachitiridwa potengedwa ngati olowa m'dziko mopanda chilolezo. Ndamva kuti ku Wales anachita kukhazikitsa lamulo. Kodi alipo amene angatiuze ngati lamulolo lathandiza?

Kalua, Cardiff

Mayi Nabanda, zimene mwamvazo n'zoona. M'chaka cha 2020 boma la Wales linakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi Pulofesa Charlotte Williams, imene inapereka lipoti lake lomaliza mu Malichi 2021, ndipo mu silabasi yatsopano imene inayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2022, kuphunzitsa mbiri ya anthu akuda, a ku Asia ndi a mitundu ina yochepa kunakhala kokakamiza. Wales inali yoyamba kuchita zimenezi pa mayiko anayi a United Kingdom.

Ubwino umene ndauona monga kholo n'ngwakuti sukulu singathenso kuzemba ponena kuti m'dera lake mulibe ana akuda. Komitiyo inalimbikitsa kuti sukulu iliyonse iyambire pa mbiri ya dera lake, ndipo zinaoneka kuti palibe dera limene lilibe chonena. Kuno ku Cardiff kuli Butetown, kumene amalinyero ochokera ku Somalia, ku Yemen ndi ku Caribbean anakhazikika kalekale chifukwa cha doko la malasha, ndipo mu Juni 1919 magulu a azungu anaukira anthu amenewa m'misewu mpaka anthu atatu anafa. Kulinso Betty Campbell, mphunzitsi wamkulu wakuda woyamba mu Wales, amene ankaphunzitsa mbiriyi pasukulu ya pulayimale ya Mount Stuart kalekale lamulo lisanaganiziridwe, ndipo chiboliboli chake chinaimikidwa pakati pa mzinda mu Seputembala 2021. Ngakhale kumpoto, kumene anthu akuda ndi ochepa kwambiri, kuli nyumba yaikulu ya Penrhyn pafupi ndi Bangor, ya banja la Pennant limene linalemera ndi minda ya nzimbe ya ku Jamaica yolimidwa ndi akapolo, ndipo Richard Pennant, amene anatsutsa m'nyumba ya malamulo zothetsa malonda a akapolo, anaika chuma chimenecho mu mgodi wa miyala yofolera nyumba ku Bethesda. Mwana wa kumeneko amene agogo ake ankaphwanya miyala mu mgodiwo amapeza kuti mbiri ya banja lake ndi ya akapolo a ku Jamaica zinakumana m'thumba la bwana mmodzi.

Komabe lamulo palokha siliphunzitsa mwana, ndipo silabasi ya kuno imapatsa sukulu iliyonse ufulu waukulu wosankha zophunzitsa, moti kusiyana kumene mukudandaula sikunatheretu. Aphunzitsi ambiri sanaphunzitsidwepo nkhanizi pamene iwo anali pasukulu kapena kukoleji, ndipo amene alibe chidaliro amabwerera ku zithunzi zomwe zija za ku America chifukwa n'zimene zimapezeka mosavuta. Palinso vuto lina limene makolo tiyenera kulitchula mosabisa: mphunzitsi wosakonzekera akamaphunzitsa za ukapolo m'kalasi momwe muli mwana wakuda mmodzi yekha, maso onse amatembenukira kwa mwanayo, ndipo ena amafunsidwa kuti afotokoze momwe akumvera, chinthu chimene sichiyenera kuchitika.

Popeza ku England kulibe lamulo lotere, pamsonkhano wanu pemphani kuona ndondomeko ya phunziro la mbiri ya chaka chonse, kalasi ndi kalasi, imene sukulu iliyonse iyenera kuiika poyera pa intaneti, ndipo funsani kuti anthu akuda akupezeka pati kunja kwa Okutobala ndi kunja kwa mutu wa ukapolo. Ngati muli ndi mwana amene akuyandikira mayeso a GCSE, funsaninso mitu imene sukuluyo inasankha, chifukwa mabungwe a mayeso a AQA, OCR ndi Edexcel onse ali ndi mutu wokhudza anthu obwera kudzakhala ku Britain kuyambira kalekale, koma ndi wochita kusankha. Wa Edexcel uli ndi gawo lapadera la Notting Hill, dera la ku London, kuyambira 1948 mpaka 1970, m'mene muli zipolowe za 1958, kuphedwa kwa munthu wakuda Kelso Cochrane m'chaka cha 1959 ndi ntchito ya Claudia Jones, womenyera ufulu wa anthu akuda. Kusintha mutu wa mayeso kumafuna mabuku atsopano ndi nthawi yoti aphunzitsi akonzekere, choncho pempho lotero liperekedwe polemba kalata kwa wotsogolera phunziro la mbiri ndi kwa komiti yoyang'anira sukulu chaka chisanathe, pamene bajeti ya chaka chotsatira isanavomerezedwe.